Mazira a chiponde a Pasaka: akafewa, akachucha mafuta kapena akang'aluka

Ku America, Pasaka ikamayandikira m'mashopu mumadzaza maswiti a chiponde oumbidwa ngati dzira, okutidwa ndi chokoleti. Otchuka kwambiri ndi a Reese's, dzina la H. B. Reese amene anayamba kugulitsa maswiti a chiponde ndi chokoleti mu 1928 m'tauni ya Hershey ku Pennsylvania. M'chigawo chomwecho mipingo yambiri ili ndi mwambo wosonkhana m'nyengo ya Lenti, kuumba mazirawa pamanja n'kuwagulitsa kuti apeze ndalama zoyendetsera tchalitchi. A ku Ohio, chigawo china cha ku America komweko, amaumba timipira n'kutiviika mu chokoleti kusiya kadiso pamwamba. Amatitchula buckeye, potengera njere ya mtengo wina wa kwawoko.

Maswitiwa saphikidwa. Mumangosakaniza chiponde, batala, shuga wa icing (wosalala ngati ufa uja) ndi kamchere, n'kuumba, n'kuviika, basi. Koma ambiri akayesa amathera ndi phala lomata m'manja, kapena mazira amene lero akunyezimira, mawa atuwa n'kuyamba kuchucha mafuta.

Gwero lake ndi loti malangizo amene ali pa intaneti analembedwa ndi eni ake a maswitiwa, poganizira chiponde chawo ndi nyengo yawo. Chiponde cha m'mabotolo chimene iwo amagwiritsa ntchito amachithira mafuta olimba pang'ono kuti chisamalekane, pomwe chosinja pakhomo, ngakhalenso china chogula, ndi mtedza wokhawokha, ndipo pafupifupi theka la njere ya mtedza ndi mafuta. Chinanso, Pasaka imagwa pakati pa 22 Marichi ndi 25 Epulo. Kwa iwo apo n'kuti chisanu chikungotha kumene, m'khitchini mukadali mozizira. Ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete n'kuti mvula ikutsazika, mpweya uli ndi chinyontho, masana kukutenthabe. Mukatsata malangizo awo chilembo ndi chilembo, mafuta, kutentha ndi chinyontho zimakugwirani pakati.

Muyeso woyambira ndi uwu: chiponde magalamu 250, batala magalamu 60, shuga wa icing magalamu 250, mchere wotsina ndi zala, ndi vanila pang'ono ngati alipo. Ndati woyambira chifukwa chiponde cha nyumba iyi sichifanana ndi cha nyumba iyo. Woweruza weniweni ndi dzanja lanu. Phala labwino limaumbika ngati dongo loumbira mbiya: silimata m'zala, ndipo mukalitsina silinyenyeka. Umbani kampira kamodzi, kaikeni pa mbale, mudikire mphindi 10. Kakakhala momwe munakasiyira, pitirizani. Kakaphwathalala kapena kakasiya chizindikiro cha mafuta pa mbale, imani kaye mukonze phalalo musanaumbe ena onse.

Phala lafewa, likumata, likutuluka mafuta

Ili ndiye vuto lofala kuposa onse, ndipo anthu amalikulitsa ndi mankhwala olakwika. Akaona phala lafewa amangothira shuga, n'kuthiranso, mpaka maswiti akutsekemera mopweteka pakhosi, kukoma kwa mtedza kwasowa, koma mafuta aja akadali momwemo. Shuga amaumitsa phala kwa kanthawi, koma sakhala bwino ndi mafuta ochuluka. Pakapita maola angapo pamalo otentha mafutawo amatulukabe.

Yambani ndi botolo la chiponde. Ngati pamwamba payandama mafuta, musawatakasire onse mkati monga mumachitira popaka pa buledi. Tsanulirani theka lake m'kapu, muwasunge pambali, otsalawo ndiwo mutakase mpaka pansi pa botolo. Amene mumasinja nokha dziwaninso mtundu wa mtedza wanu. CG7, wofiira uja, uli ndi mafuta ambiri kuposa Chalimbana, choncho chiponde chake chimakhala choyenderera ndipo chimafuna zoumitsira zambiri.

Kenako onani batala. Ntchito yake m'maswitiwa si kukometsa kokha. Mafuta a mtedza salimba ngakhale atakhala pa tebulo tsiku lonse, pomwe batala akazizira amalimba n'kugwira phala lonse. Akhale wofewa moti chala chikulowa, osati wosungunuka. Mukamusungunulira pamoto, phala limaoneka lamadzimadzi ndipo mumanyengeka kuthira shuga wosafunika. Majarini amatheka, koma akhale wolimba uja wa m'pepala wophikira makeke. Wa m'kakontena wopaka pa buledi ali ndi madzi ambiri, ndipo sadzalimba ngakhale mumugoneke mu firiji.

Ngati phala lafewa kale, liikeni mu firiji mphindi 30 musanaganize chochita. Nthawi zambiri limakhala langotenthedwa ndi manja kapena ndi khitchini, likazizira limabwerera mwakale. Likafewabe, thirani choumitsira chimene sichitsekemera kwambiri, supuni imodzi imodzi uku mukukanda. Ine ndimakonda nsinjiro, chifukwa zimaumitsa phala uku zikuwonjezera kukoma kwa mtedza. Koma zikhale zokazinga. Nsinjiro zotendera ndiwo zimakhala za mtedza wauwisi, ndipo m'maswiti osaphika zimamveka fungo lauwisi. Zikazingeni pa moto wochepa mu chiwaya chouma mpaka zitayamba kununkhira, zizizire, muzisefe. Mkaka waufa nawo umagwira bwino ntchitoyi, ndipo umapereka kakomedwe kamene ana amakakonda. Mabisiketi a Marie osinja bwinobwino ndi njira yachitatu, ngakhale kuti amachititsa maswiti kumveka ngati keke.

Musakande nthawi yaitali. Kukanda kumafinya mafuta mu chiponde, monga momwe kusinja kumachitira. Zikangosakanikirana, siyani. Poumba, manja akhale ozizira ndi ouma. Akayamba kunyezimira, sambani ndi madzi ozizira, pukutani bwino, ndiye mupitirize.

Likauma n'kumanyenyeka, apo ndiye zosavuta. Mwina mwagwiritsa ntchito chiponde cha pansi pa botolo chimene mafuta ake anatha kale, kapena shuga wachuluka. Bwezeranimo mafuta munasunga m'kapu aja, supuni yaing'ono imodzi imodzi, kapena chiponde china. Madzi ayi. Aliyense amene anasungunulapo chiponde ndi madzi potendera ndiwo amadziwa kuti chimayamba chalimba n'kulekana ndi mafuta ake chisanasungunuke. Mkaka wamadzi umachita chimodzimodzi, komanso umafupikitsa masiku amene maswitiwo angakhale osawonongeka.

Akumveka mchenga m'kamwa

Shuga sasungunuka m'mafuta. Popeza maswitiwa safika pamoto ndipo madzi ndi ochepa kwambiri, njere ya shuga imene mwathira imafika m'kamwa momwe inalili. N'chifukwa chake pamafunika shuga wa icing, wosalala ngati ufa. Shuga wa tiyi sangalowe m'malo mwake, ngakhale mutakanda mpaka manja kuwawa.

Shuga wa icing akasowa kapena akadula, perani shuga woyera mu blender youma, pang'onopang'ono, n'kusefa ndi sefa yamaso ang'onoang'ono. Zotsala pa sefa muzibwezere mu blender. Pa kapu iliyonse thiranipo supuni yaing'ono ya cornflour, poti ndi momwenso amachitira ku fakitale kuti shugayo asagwirane. Mtondo umathekanso ngati uli wouma ndiponso wopanda fungo la zina, koma konzekerani thukuta. Shuga wabulauni musavutike naye, ali ndi chinyontho ndipo amavuta kupera. Ngakhale wa icing wogula, museferenitu. M'nyengo ino amakoka chinyontho n'kupanga timibulu tomwe simungatiphwanye tikalowa kale mu chiponde.

Kuwawa, fungo lachilendo, ndi nkhani ya chuku

Maswiti akamawawa, kawirikawiri mtedza unapserera pokazinga. Mtedza umapitiriza kupsa ndi kutentha kwake ngakhale mwauphula, choncho uchotseni pamoto mkati mwake mukangoyamba kusintha mtundu, muuyale pa lichero kuti uzizire msanga. Timakungu tofiira tija timawawanso. Fikisani mtedzawo m'manja, mupete bwinobwino. Fungo lokhala ngati la mafuta akale limatanthauza kuti chiponde kapena mtedzawo wakhalitsa pamalo otentha. Zimenezo sizikonzeka, shuga ndi chokoleti sizingabise.

Pali china choopsa kuposa kuwawa. Nthawi ya Pasaka mtedza wa pamsika umakhala wamitundu iwiri: wa chaka chatha umene wadutsa dzinja lonse m'matumba, ndi watsopano wongokumba kumene umene sunaumitsitse. Yonse iwiri imagwidwa chuku mosavuta, makamaka ngati wogulitsa anawaza madzi pa makoko kuti asavutike kuswa. Chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Si vuto la kumudzi kokha. Mu 2024 ku South Africa anachotsa m'mashopu mitundu ingapo ya chiponde cha m'mabotolo pa chifukwa chomwechi. Khalani pansi ndi lichero, musankhe njere imodzi imodzi. Zofota, zakuda, zobiriwira, zobooka ndi zosweka kale zonse zitayeni, ndipo musapatse nkhuku. Chiponde chogula chikhale chodindidwa ndi bungwe loona za miyezo, monga Malawi Bureau of Standards kwa amene muli ku Malawi. Odya maswitiwa ambiri ndi ana, choncho apa sipofunika kuumira.

Chokoleti chagwirana, chalimba, chikukana kuviikika

Munali mukutakasa chokoleti chosalala, mwadzidzidzi chasanduka chibulu cholimba chosanyezimira. Mwalowa madzi. Dontho limodzi limakwana: la pa supuni yonyowa, la nthunzi yotuluka m'mbali mwa poto, kapena logwa kuchokera pa chivindikiro. Madziwo amanyowetsa shuga wa mu chokoleti, tinjere take n'kumatirirana.

Sungunulirani chokoleti m'mbale youma ya chitsulo kapena ya galasi, yokhala pamwamba pa poto wa madzi otentha. Mbaleyo itseke pakamwa ponse pa poto, ndipo pansi pake pasakhudze madzi. Madzi asamabwate. Pa mbaula moto suchepetseka mwamsanga, choncho wiritsani madziwo, phulani poto, ndiye muikepo mbale ya chokoleti poto ali pansi. Osavindikira. Pochotsa mbale, pukutani pansi pake ndi nsalu musanaiyandikize pa mazira. Mu microwave tenthetsani masekondi 20 okha, takasani, mubwezerenso. Chokoleti chimasunga maonekedwe ake ngakhale mkati chasungunuka kale, ndipo chimapserera mwakachetechete. Chakuda chisapitirire madigiri 50, chamkaka ndi choyera chisapitirire 45.

Chimene chagwirana kale sichingaviikirenso mazira, koma musachitaye. Thiranimo mkaka wotentha supuni imodzi imodzi uku mukutakasa mpaka chisalale, chidzakhala chabwino kupaka pa keke. Ngati sichinagwirane koma changokhala cholimba moti chikukuta dzira mochindikala, thiranimo supuni yaing'ono ya mafuta ophikira pa magalamu 100 aliwonse. Batala kapena majarini ayi, muli madzi.

Apa pakufunika kudziwa chimene mwagula, chifukwa zokutira zilipo ziwiri. Chokoleti chenicheni chimapangidwa ndi mafuta a koko. Chokoleti chophikira chotsika mtengo chimene chimapezeka m'mashelefu a zophikira makeke chimapangidwa ndi mafuta a mbewu zina monga kanjedza; werengani pa pepala lake mudzaona. Chachiwirichi mumangosungunula n'kuviika, chimalimba chokha n'kunyezimira. Akatswiri amachinyoza kuti chimasiya phula m'kamwa, ndipo sakunama. Komabe kwa munthu amene akuumba mazira 40 m'khitchini yotentha, ine ndingamuuze kuti atenge chimenechi, mtima wake ukhale m'malo. Mkati muli chiponde ndi mchere, ndipo ndizo zimalamulira kakomedwe.

Mukasankha chenicheni, mafuta a koko ali ndi khalidwe lawo. Akasungunuka n'kuzizira mwachisawawa amalimba molakwika, chokoleti n'kukhala chofewa, chamizeremizere, chosungunukira m'zala. Kuti alimbe bwino, dulani chokoleti tizidutswa, mugawe patatu. Magawo awiri asungunuleni. Chotsani mbale pa poto, thiranimo gawo lachitatu losasungunula lija, n'kumatakasa mosalekeza mpaka lonse lisungunuke ndipo kutentha kutsike kufika madigiri 31 kapena 32 ngati ndi chakuda, 29 kapena 30 ngati ndi chamkaka. Opanda choyezera, donthezani pang'ono pa mlomo wapansi: chimveke chozizirira pang'ono, osati chofunda. Viikani nsonga ya mpeni muiike pambali. Chikalimba m'mphindi zisanu n'kunyezimira, chakonzeka. Koma m'chipinda chotentha kupitirira madigiri 25 chimavuta kulimba ngakhale mwachita zonse molondola. Wa ku Dedza kapena ku Mzuzu akhoza kuviika masana. Wa ku Salima, Mangochi kapena Nsanje adzuke mbandakucha kusanatenthe.

Chikuto chang'aluka, mafuta akutulukira pa mng'alu

Malangizo ambiri amati ikani mazira mu firiza musanaviike, ndipo anthu amawasiya usiku wonse mpaka kuuma gwa. Chokoleti chofunda chikakhudza dzira lozizira chonchi chimalimba nthawi yomweyo, ndipo polimba chimafota pang'ono. Kenako dzira likayamba kufunda mkati limafufuma. Chakunja chikufota, chamkati chikufufuma, ndiye chikuto chimang'aluka. Mphindi 30 mu firiji kapena 15 mu firiza n'zokwanira. Dzira lingolimba moti silikupindika pa foloko. Ngati anaumiratu, asiyeni pa tebulo mphindi 10, mupukute chinyontho chimene chatuluka pamwamba ndi pepala, ndiye muviike.

Tulutsani mazira asanu kapena asanu ndi limodzi nthawi imodzi, ena adikire mozizira. Viikirani m'kambale kakang'ono kakuya, n'kumawonjezeramo chokoleti kuchokera m'mbale yaikulu. Dzira lililonse limasiya tinyenyeswa ndi mafuta a mtedza mu chokoleti, ndipo mukaviikira m'mbale yaikulu mazira omalizira amakutidwa ndi chokoleti chosakanizika ndi mafuta chimene sichilimbanso.

Mafuta a mtedza amafunafuna potulukira. Kabowo kamene kasiyidwa ndi kamtengo kobayira, mano a foloko, kapena pansi pa dzira pamene chikuto chapyapyala, ponsepo amatulukirapo. Tsekani kabowo ndi dontho la chokoleti. Pansi pakamavuta, yambani mwapaka chokoleti pansi pa dzira lililonse, chilimbe, kenako muviike lonse. Ong'aluka kale aviikeninso kachiwiri atafika pa kutentha kwa m'nyumba. Chokoleti chodikha m'mbali mwa dzira chimabwera chifukwa chosakhetsa mokwanira: gogodani foloko m'mphepete mwa mbale kangapo, mupale pansi pake, ndiye mutsetserezere dzira pa pepala lophikira makeke. Pa mbale yopanda pepala amamata, ndipo pomatula pansi pamatsalira.

Atuwa

Mwadzuka m'mawa mwapeza mazira atuwa ngati anawazidwa ufa. Pakani chala. Zotuwazo zikasungunuka n'kumveka mafutamafuta, ndi mafuta amene akwera pamwamba, kaya chifukwa chokoleti sichinazizire mwa dongosolo lija, kaya mazira anafunda n'kuziziranso, kaya mafuta a mtedza alowerera mu chikuto. Chomalizachi chimachitika ndithu pakapita masiku, ngakhale kwa akatswiri, choncho musapange maswitiwa milungu itatu Pasaka isanafike. Zotuwazo zikamveka zokhakhala ndi zouma, ndi shuga. Dzira lozizira likatuluka mu firiji n'kukumana ndi mpweya wa chinyontho limachita thukuta, thukutalo limasungunula shuga wa pamwamba, likauma n'kusiya mbuu. Zonse ziwiri sizidwalitsa, zimangoipitsa maonekedwe. Chuku chenicheni chimakhala ndi ubweya ndiponso fungo, ndipo maswiti oterowo ndi otaya.

Kupewa thukuta n'kosavuta. Sungani mazira m'kontena yotseka bwino, pepala pakati pa mzere uliwonse. Potulutsa mu firiji musatsegule msanga. Isiyeni yotseka pa tebulo kwa ola limodzi, thukuta ligwere kunja kwa kontena osati pa maswiti. Kontena yotseka imatetezanso ku fungo la usipa kapena anyezi, limene chokoleti chimakoka mosavuta. Mu firiji amakhala bwino pafupifupi milungu iwiri, mu firiza miyezi iwiri. Magetsi akathima musamatsegule firiji kukaona ngati ali bwino, chifukwa kufunda n'kuziziranso kobwerezabwereza ndiko kumawatuwitsa. Mafuta a koko amasungunuka pa madigiri pafupifupi 34, choncho kontena yosiyidwa m'galimoto yoimikidwa padzuwa nthawi ya mapemphero a Pasaka mudzaipeza ndi phala. Nyamulirani mu cooler box, kapena kulungani kontena ndi nsalu pamodzi ndi botolo la madzi oundana.

Amene mulibe firiji, kapena magetsi a kwanu ndi osadalirika, chokoleti chisiyeni. Umbani phala lolimbirapo, mwa kuchepetsa batala ndi kuwonjezera mkaka waufa, mupange timazira ting'onoting'ono, n'kutigubuduza mu ufa wa koko wosakaniza ndi shuga wa icing, kapena mu mtedza wokazinga wophwanya. Pangani Loweruka madzulo, musunge pamalo ozizira m'chotengera chotseka kuopa nyerere, adyedwe Lamulungu.

Ngati mukupita nawo ku tchalitchi, ku ntchito kapena kogulitsa, nenani momveka kuti mkati muli mtedza, chifukwa ukabisika mu chokoleti suoneka. Alipo anthu amene thupi lawo limadana ndi mtedza moti kachidutswa kokha kamawatupitsa milomo n'kuwabanikitsa, mpaka kufuna chipatala mwachangu. Ku Britain masukulu ambiri salola n'komwe chakudya chokhala ndi mtedza, choncho makolo a kumeneko funsani kaye musanalongedzere mwana m'chikwama. Ana aang'ono osakwana zaka zisanu muziwadulira tizidutswa, ndipo a iwowa musawagubuduze mu mtedza wophwanya, poti ungawatsamwe.